Bambo Ankafuna Kubwerera ku Dambe

Ndinabadwira ku Dambe, kumapiri a Neno, koma moyo wanga wonse wapabanja ndaukhalira ku Lisungwi, kuchigwa. Ndi boma limodzi, ndipo msewu ukakhala bwino munthu amanyamuka m'mawa n'kukafika dzuwa lisanapendeke. Koma chaka cha ku Dambe si chaka cha ku Lisungwi. Kumtunda mvula imayamba msanga ndipo imachedwa kusiya. Mu Juni ndi Julaye kumabwera chiperoni, nkhungu yosakanikirana ndi kamvula kamawawa kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa, ndipo dzuwa limatha kubisala masiku anayi kapena asanu. Nthawi yomweyo ku Lisungwi anthu amakhala akuyenda ndi malaya amodzi. Ikafika Okutobala, kuchigwa mchenga umawotcha mapazi, mbuzi zimaunjikana pansi pa milambe, pamene kwathu munthu amagonabe chofunda bulangete.

Bambo anga anali mlimi wa kumtunda. Anabwera ku Dambe ali mnyamata kudzakwatira mayi, ndipo anakhala pachikamwini mpaka imvi. Ankalima chimanga, nyemba, kachewere ndi tirigu pang'ono, ndipo kuseri kwa nyumba anadzala mitengo ya mapichesi isanu ndi iwiri. Sanali munthu wolankhulalankhula. M'mawa ankatuluka n'kuima pabwalo atapinda manja, kumvetsera kumene mphepo ikuchokera, kenako n'kunena ntchito ya tsikulo. Akati lero musayanike chimanga, sitinkayanika. Anthu a m'mudzi akaona bambo akutuluka ndi mbewu, nawonso ankathamangira kunkhokwe zawo.

Ana tinabadwa atatu, koma wamoyo ndinatsala ndekha. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa golosale ku Lisungwi, ndipo ndinatsika phiri kukakhala naye. Mayi atamwalira, abale awo sanawathamangitse bambo. Mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, ananena poyera kuti munda ndi wanga, ndipo alamu awo apitirize kulima mpaka atatopa okha. Choncho bambo anakhala okha m'nyumba ija zaka zinayi.

Vuto lawo linali chifuwa cha mphumu. M'chilimwe ndi m'dzinja ankakhala bwinobwino, koma chiperoni chikangoyamba, chifuwa chinkayamba kulira ngati muli mluzu. Chaka china mu Juni mayi aang'ono anandiimbira foni kuti ndikwere ndikawaone. Ndinapita pa njinga yamoto. Titadutsa pa boma, nkhungu inatiphimba moti woyendetsa ankangoliza belu pamakona onse. Ndinawapeza bambo atakhala pampando m'nyumba yodzaza utsi, chifukwa nkhuni zinali zonyowa. Ankapuma mokweza mapewa.

"Bambo, mwakhala chonchi masiku angati?"

"Chikangotuluka dzuwa ndikhala bwino," anatero. "Si chaka chilichonse?"

Ndinawatengera kuchipatala chaching'ono cha komweko. Dokotala anawapima, anawapatsa mankhwala, kenako anandiuza pambali kuti mphumu sigwirizana ndi kuzizira ndi utsi, ndipo kwa munthu wamkulu chonchi chaka chilichonse chizikhala chovuta kuposa chinzake. Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Pobwerera ndinali nditaganiza kale zochita.

"Tiyeni ku Lisungwi, mukakhale kofunda mpaka chisanu chidutse."

"Nanga tirigu?"

"Mayi aang'ono akolola."

"Akachedwa, mbalame zimaliza."

"Sachedwa. Ogasiti ndidzakubweretsani ndekha."

"Wanena Ogasiti, eti?"

"Ogasiti, bambo."

Analongedza zovala zochepa, Baibulo, ndi zitsononkho zisanu za chimanga cha makolo zimene anali atapachika kudenga kuti zidzakhale mbewu. Ndinawafunsa kuti chimanga n'chachiyani pa ulendo wa miyezi iwiri. Anati makoswe angadye.

Mwezi wa Julaye unaonetsa kuti ndinaganiza bwino. Pasanathe sabata ziwiri chifuwa chinasiya kulira. Bambo ankadzuka n'kukhala padzuwa kutsogolo kwa golosale, akuseka okha kuti Julaye angakhale wofunda chotere. Ananenepako. Anapeza mnzawo, mkulu wina woyandikana nafe amene kwawo kunali ku Chifunga ndipo ankaweta mbuzi. Ankasewera bawo pansi pa mtengo wa bwemba, wina akusimba za kumapiri, wina za kumphepete kwa Shire. Amuna anga ankawakonda apongozi awo, ndipo ankati pakhomo pakhala paulemu.

Ogasiti atafika, mphepo ya mwera inayamba kuulutsa fumbi pamsika. Bambo anapinda zovala zawo n'kuziika m'chikwama.

"Ogasiti uja ndi uyu," anatero.

"Kumtunda kudakazizira, bambo. Mphepo imeneyi kumeneko ndi yoopsa. Tidikire Seputembala."

Sindinaname kwenikweni, chifukwa ku Dambe mu Ogasiti kumazizirabe. Koma mumtima ndinkadziwa kuti sindikufuna kuwabweza, mu Seputembala kapena mwezi wina uliwonse. Ndinkaopa kudzalandiranso foni ya mayi aang'ono yoti bambo adwala. Ndinkaopa kuti anthu adzati mwana mmodzi yekhayo anasiya bambo ake afere mu utsi iye akugulitsa sopo kuchigwa. Komanso, ndinene zoona, kunali kopepuka kwa ine kuwaona tsiku ndi tsiku kusiyana ndi kukwera phiri lija.

Mu Seputembala ndinawaimbira mayi aang'ono ndili kuseri kwa golosale. Ndinawauza kuti chaka chino bambo sabwera, iwo ndi ana awo asose munda uja ndi kulima. Anafunsa ngati alamu awo avomera. Ndinati inde. Bambo sindinawauze kanthu. Akati nthawi yososa yakwana, ine ndinkati katundu wachuluka pagolosale, tipita sabata yamawa.

Kenako kunabwera kutentha. Ine ndinali nditazolowera, koma bambo anali asanakuonepo. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa. Malata ankathetheka padenga. Bambo ankakhala pakhonde atavula malaya, thaulo lonyowa lili pamutu, ndipo chakudya ankangochilawa. Madzi a mumtsuko ankati ndi ofunda ngati osamba. Masana ankayang'ana kumapiri, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana.

"Kwathu mvula igwa sabata ino," ankatero. Ndipo mawa lake kapena mkuja tinkamva kuti yagwadi.

Ataona kuti ulendo sukuoneka, anapempha khasu. Kuseri kwa nyumba yathu kunali kamalo kopanda ntchito, kokula ngati bwalo la tchalitchi chaching'ono. Ankadzuka kusanatenthe n'kukagalauza, mizere yowongoka bwino, ndipo dzuwa likakwera ankabwerera pakhonde thukuta lili kamukamu. Ndinasangalala, poganiza kuti akapeza chochita aiwala za kumtunda.

Kumapeto kwa Okutobala, tsiku lina masana, kunachita mdima. Mabingu anagunda, mphepo inagwetsa mabenchi pamsika, ndipo mvula inakhuthuka kwa ola lathunthu. Fungo la dothi linadzaza paliponse. M'mawa mwake bambo anakumba ndi dzanja pamzere, napeza chinyezi chalowa kupitirira chikhatho. Anatonola zitsononkho zawo zija m'lichero.

Mnzawo wa ku Chifunga anawapeza akudzala.

"Achimwene, iyi ndi chizimalupsa chabe. Imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire. Kuno timadikira ya Disembala."

"Kwathu ikalowa chonchi timadzala," anayankha bambo, osaweramuka.

"Kwanu kuli mame ndi nkhungu zothandiza. Kuno likatuluka dzuwa, latuluka. Ndiponso chimanga chanucho n'chochedwa kucha. Mvula ya kuno siifika kumeneko."

"Ndadzala chimanga zaka zambiri ine."

Ine ndinali pomwepo ndi ndowa m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti mkulu uja akunena zoona, chifukwa ndinali nditaona zimenezi zaka zambiri. Koma nkhope ya bambo inali yowala kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, ndipo sindinawaletse.

Chimanga chinamera bwino kwambiri. Pa sabata yoyamba mizere yonse inali yobiriwira. Kenako kumwamba kunayera, ndipo kunakhala choncho sabata zitatu. Masamba anayamba kupindika masana n'kutambasuka m'mawa, kenako anasiya kutambasuka. Bambo anayesa kuthirira ndi madzi a pamjigo, koma pamjigo pankakhala mzere wautali wa amayi, ndipo munthu wamkulu kutunga madzi othirira chimanga pamene ena akufuna akumwa zinawachititsa manyazi. Anasiya. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakati pa mizere, akufikisa tsamba louma ndi zala.

"Mbewu ya mayi ako yatha," anatero. "Anabwera nayo agogo ako."

"Mayi aang'ono ali nayo ina."

"Awo anasakaniza kalekale." Anayang'ana kumwamba. "Kuno mitambo sindikuidziwa, mwananga. Ndikaona ngati ibwera, siibwera. Kuno ndine mwana."

Mvula yeniyeni inayamba chapakati pa Disembala. Amuna anga anawabweretsera mbewu yocha msanga kuti adzalenso, koma bambo anati adzale okha. Kuyambira pamenepo sanagwirenso khasu. Ndipo tsopano ndinali ndi chifukwa chatsopano chokanira ulendo, chifukwa m'dzinja msewu wokwera kumtunda umaterera, magalimoto amatitimira, ndipo njinga yamoto si yokwezapo nkhalamba.

Mu Januwale anadwala malungo. Ku Dambe udzudzu ndi wochepa, ndipo bambo ankati pa moyo wawo wonse malungo anawagwira kawiri kokha. Kuchigwa madzi akadikha, udzudzu umachita kulira ngakhale masana m'nyumba. Ndinali nditawapachikira neti, koma ankati imawatsekereza mpweya pa kutentha koteroko, ndiye ankaikankhira pambali. Anagonekedwa m'chipatala masiku asanu. Anachira, koma anatuluka ali munthu wina, miyendo yowonda, akuyenda ndi ndodo.

M'masika, msewu utauma, mayi aang'ono anatsika kudzawaona. Anabwera ndi thumba la mbatata ya kachewere ndi nyemba m'kansalu. Atapatsana moni anakhala pamphasa, ndipo bambo anatola mbatata imodzi n'kuitembenuzatembenuza.

"Yabereka bwino chaka chino. Ya munda uti?"

"Wanu womwe uja, alamu. Kumunsi kuja, kufupi ndi mapichesi."

"Wanga? Analima ndani?"

Mayi aang'ono anandiyang'ana. "Kodi si paja munavomera kuti tilime ife?"

Bambo anabweza mbatata ija m'thumba pang'onopang'ono. Anafunsa za anthu a m'mudzi, amene amwalira ndi amene abereka, ngati kuti sipanachitike kanthu. Mayi aang'ono anawauzanso kuti mvumbi wa mu Malichi unagwa masiku ambiri osalekeza, denga la nyumba ya bambo linadontha chifukwa silinafoleredwe, ndipo khoma la kumbuyo linagwa. Bambo anangogwedeza mutu.

Alendo atapita, anandiitana pakhonde.

"Unawauza liti?"

"Mu Seputembala."

"Pamene unkandiuza kuti sabata yamawa."

"Ndinkaopa chifuwa chanu, bambo."

"Chifuwa ndi changa," anatero, mosakweza mawu. "Ukanandiuza kuti sindibwerera, ndikanatsanzika anthu. Ndikanafolera nyumba. Mbewu ija ndikanaisiya kwa wina woti aidzale kwawo kwake. Unanditenga ngati katundu wa m'golosale."

Ndinalira, ndinapepesa, ndipo ndinalonjeza kuti ndikonzetsa nyumba ija kuti abwerere. Panthawiyo ndinkanenadi zochokera pansi pa mtima. Koma Meyi anali atatha, chiperoni chinali pafupi, ndipo munthu amene wangochira malungo sindikanamukweza phiri kukakumana ndi chisanu. Amuna anga anati tiumbe njerwa m'chilimwe, timange kanyumba kabwino ka malata kuti bambo azikhala kumtunda miyezi yotentha ndi kutsika miyezi yozizira. Anali maganizo abwino, ndipo akanaperekedwa chaka choyamba, bwenzi zonse zili bwino. Ndinavomera. Koma Ogasiti anadutsa, Seputembala anadutsa, ine ndili wotanganidwa ndi zina, ndipo njerwa sizinaumbidwe. Bambo sanandikumbutse. Kusakumbutsa kwawoko ndinakutenga ngati azolowera.

Bawo anali atasiya. Mnzawo wa ku Chifunga ankabwerabe kudzakhala nawo, ndipo nthawi zambiri ankangokhala onse awiri, akuyang'ana mbuzi zikutola masamba ouma. Tsiku lina mkuluyo anandiimitsa panjira.

"Mayi, mkulu uja mubwezeni kwawo. Ine mutanditengera kumapiri kwanuko, mwezi umodzi sindingathe. Iyenso n'chimodzimodzi."

"Nyumba inagwa, bambo. Tikukonza."

"Kwa mlamu wake kulibe malo?"

Malo analipo. Mayi aang'ono anali atanena kale kuti akhoza kukhala kwawo. Ndinayankha kuti ndiganizira.

Kutentha kwa chaka chimenecho kunaposa kwa chaka chinzake. Novembala anafika kopanda ngakhale chizimalupsa. Mtsinje wa Lisungwi unaphwa mpaka ana ankawoloka osanyowa mawondo. Bambo anayamba kutupa mapazi ndipo ankatopa akangoyenda kuchoka pakhonde kufika kubafa. Tsiku lina madzulo ndikuwapatsa madzi, anandigwira dzanja.

"Mapichesi ayamba kupsa tsopano. Undiperekeze ndikangoona, ndibwerako."

"Ikagwa mvula kukazizirako, mupeza mphamvu, tipita."

"Ikagwa mvula udzati msewu."

Ananena akumwetulira pang'ono, ndipo inenso ndinaseka, koma mawuwo anali oona. Ndinaganiza zopeza galimoto Loweruka lotsatira. Lisanafike Loweruka, kupuma kunawavuta, tinapita nawo kuchipatala, ndipo dokotala anati mtima wawo watopa. Anakhala kumeneko sabata imodzi. Anamwalira masana, ine ndikuwakupiza ndi katoni.

Maliro tinakwera nawo ku Dambe pa lole. Tinanyamuka thukuta likutsika, koma titayamba kukwera, amayi anayamba kudzifunditsa zitenje. Kumtunda mvula inali itagwa kale kangapo. Chimanga chinali chitamera m'minda yonse, mapiri ali obiriwira, ndipo mphepo inkanunkhira udzu wauwisi. Anthu anabwera ambiri. Akuluakulu angapo anandiuza kuti akhala akudikira kuti mnzawo abwera liti, chifukwa anachoka osatsanzika. Bambo tinawaika pafupi ndi mayi.

Titangochoka kumanda mvula inayamba, ndipo inagwa masiku awiri. Lole sikanatha kutsika, choncho tonse a kuchigwa tinagona kwa mayi aang'ono. Tsiku lachiwiri itadukizako, ndinapita nawo kukaona nyumba ya bambo. Denga linali litagwera mkati, ndipo m'chipinda chimene ndinabadwiramo munali mutamera bonongwe. Mpando wawo unali pomwe tinausiya, utadyedwa ndi chiswe. Tinaima pakhomo, osalowa.

"Mayi," ndinawafunsa, "ndikanawasiya kuno, chiperoni china akanachidutsa?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Mwina ayi. Chaka chathachi chinali choopsa, anatisiya akuluakulu awiri."

"Ndiye sindinalakwe kuwatsitsa?"

"Kuwatsitsa sunalakwe." Anakonza mpango wawo kumutu. "Koma ukanawafunsa. Ndipo ine sukanandinamiza kuti avomera. Ndinalima munda wa munthu ali moyo, iye osadziwa. Zimenezo zimandipweteka."

Sindinawapepesepo mokwanira mayi aang'ono, ngakhale timayenderana mpaka lero. Munda uja akulimabe ana awo, ndipo ine sindinaufunsenso.

Tsiku lachitatu dzuwa linatuluka, woyendetsa anati tiyese. Amuna anatsika kangapo kukankha lole pamatope. Titafika pa boma msewu unali wouma, ndipo pofika ku Lisungwi fumbi linkatsatira galimoto, chifukwa kumeneko kunali kusanagwe ngakhale dontho. Ndinachotsa neti m'chipinda cha bambo, ndinachapa zofunda, ndipo Lolemba ndinatsegula golosale.